Malaya a Bafuta a Malemu Laurenti Alfazema

Malemu bambo Laurenti Alfazema anabadwa pa 9 Juni, 1952, m'mudzi mwa Nyambiro, kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa. Anali achinayi kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndaima pano ndine Rafaeli, mwana wa akulu awo, malemu a Onesimo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Landitumanso kuti ndiyankhe nkhani imene yakhala ikuyenda m'manong'onong'o pa siwa pano kuyambira dzulo. Ena mwaona kuti malemu agona m'bokosi atavala malaya a bafuta okhala ndi banga pachifuwa, opanda suti, opanda tayi. Mwakhala mukufunsana kuti mwana wawo Jesinta, amene amagulitsa zovala mumsika wa Limbe, walephera bwanji kuveka bambo ake jekete. Ndikupempha kuti mumvetsere mpaka kumapeto, kenako muweruze.

Makolo a malemu anali alimi a thonje. Thonje ndilo linawalipirira sukulu ya mishoni, kumene anaphunzira kuyambira mu 1960 mpaka pamene anamaliza Sitandade 8 mu 1968. Kumenekonso ndi kumene anabatizidwa ndi kulandira ulimbitso. Ankakonda kunena kuti anadziwa kutola thonje asanadziwe kulemba dzina lawo.

M'chaka cha 1972 anabwera kuno ku Blantyre ndipo anafikira kwa bambo anga ku Chemusa. Chaka chotsatira analembedwa ntchito pa fakitale ina yowomba nsalu mumzinda muno. Anayamba ndi tsache, kusesa tizidutswa ta ulusi pansi pa makina. Patapita nthawi anapatsidwa makina awoawo, ndipo mu 1986 anakwezedwa kukhala kapitawo. Mabelo a thonje akafika kuchokera kuchigwa cha Shire, iwo ankapita kukawagwira ndi kuwanunkhiza, n'kumauza anzawo kuti kwabwera alendo ochokera kwawo. Ambiri mwa inu a msinkhu wanga munapita kusukulu mutavala yunifolomu imene inadutsa m'manja mwa bambo agona apawa.

Pa 20 Ogasiti, 1977, anamanga ukwati woyera ndi mayi Bernadeta. Mu 1983 anasamukira kuno ku Bangwe ndi kumanga nyumba imene tasonkhana pakhomo pakeyi. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu.

Anamalira anzanga, pamaliro sitichita ndale, ndipo ine sindichita ndale. Koma mbiri ya munthu singalumphe chimene chinamuchotsa pantchito. M'zaka zimenezo dziko lathu linkabwereka ndalama kwa mabungwe akuluakulu akunja. Kubwereka si tchimo ayi. Tonse tinapemphapo mchere kwa oyandikana nawo. Koma wokupatsa mchere sakulamula kuti ugwetse khitchini yako. Awa analamula. Anati titsegule zipata kuti katundu aliyense alowe. Anati kwacha ichepe mphamvu. Anati boma lichotse dzanja lake pa alimi ndi pa mafakitale, ligulitse makampani ake, lichepetse antchito. Atsogoleri athu anasaina. Malemu sanafunsidwe, monganso inu simunafunsidwe.

Mabelo a kaunjika anadzaza misika. Malaya owombedwa kuno, amene mlimi anawagwirira khasu ndipo wowomba anawakhetsera thukuta, sakanatha kupikisana ndi malaya amene eni ake kutsidya kwa nyanja anangotopa nawo. Zitsulo za makina, zimene zinkagulidwa kunja, zinakwera mtengo kwacha itagwa. Ntchito inayamba kuchepa, makina n'kumazimitsidwa mzere ndi mzere. Pa 28 Malichi, 2002, malemu pamodzi ndi anzawo ambiri anauzidwa kuti ntchito yatha. Anali atagwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Kumudzi nako, abale awo anayamba kudandaula kuti thonje likusowa wogula wa mtengo wabwino.

Tsiku limenelo malemu anachita chinthu chimene ambiri anachiseka. Asanatuluke pachipata analowa m'sitolo ya fakitale ndi kugula mpukutu wathunthu wa bafuta, wowombedwa pa mzere wa makina umene iwo ankayang'anira. Anausenza paphewa mpaka pa siteji. Kondakitala wa minibasi atati mpukutuwo ulipire mpando, iwo sanakangane naye. Anati, "Ulipira ndithu, ameneyu ndi wantchito mnzanga, naye wachotsedwa lero." Atafika pakhomo pano analumbira pamaso pa mayi Bernadeta kuti chovala cha m'belo sichidzakhudza thupi lawo, ali moyo kapena atamwalira. Mawu awo anali akuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa.

Kuyambira pamenepo ankadya za luso la manja awo, kuyenda m'makonde a masitolo kukonza makina a matelala. Mmenemo ndi mmene anapalana ubwenzi ndi a Jabir, telala wa mumsika wa Bangwe, amene akhala kutsogoloku. Pasaka iliyonse malemu ankatulutsa mpukutu uja m'sutikesi, n'kudulako nsalu ya malaya amodzi, a Jabir n'kusoka. Mathalauza ankasoketsa a kaki wa kuno akapezeka, ndipo akasowa ankangoika zigamba pa akale. Ana a m'dera lino ankawatcha adokotala opanda chipatala. A Jabir nawo sankawasiya. Ankawauza kuti munthu wovala zoyera chotere angobwera kumzikiti Lachisanu, zithe. Malemu ankayankha kuti a Jabir ayambe ndiwo kubwera ku Misa, adzaone mmene msoko wawo ukuwalira kutsogolo kwa guwa. Anthu awiriwa anakalamba akunyogodolana chomwecho, ndipo sanadanepo.

Tsopano ndifike pa Jesinta, mwana wawo womaliza. Jesinta anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 2015. Anadikira kuitanidwa kuntchito, osaitanidwa. Tinkangomva pa wailesi kuti boma lauzidwa kuti lisachulutse anthu olandira malipiro, pamene kusukulu za kuno ana ankaphunzirira pansi pa mitengo. Mu 2017, ali ndi ana awiri oti adye, anatsegula belo lake loyamba la kaunjika ku Limbe. Sindibisa, malemu zinawapweteka kwambiri. Kwa nthawi yaitali ankangoyankha moni wake basi. Mwezi wina wa Juni, kukuzizira, Jesinta anawasankhira jekete yabwino koposa m'belo lonse. Iwo anailandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu wawo, n'kukaiyala m'khola la nkhuku. Thadzi linaikira mazira momwemo. Anthu anaseka, koma Jesinta analira.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la kuchipinda kwa nyumba ino, matope n'kulowa mpaka m'mawondo. Tinatulutsa malemu ndi mayi ali bwino. Koma atakhala pakhonde la oyandikana nawo, malemu sanafunse za bedi kapena za ufa. Ankangoyang'ana kumene kunali sutikesi ya bafuta ija. Amuna tonse tinaopa kulowa chifukwa denga linali litapendekeka. Amene analowa ndi Jesinta. Anafukula sutikesiyo ndi manja, natuluka nayo atadzicheka ndi lata pamkono. Chipsera chake chilipo, mukhoza kuchiona. Nsalu imene inatsala pa mpukutu uja inali yokwana malaya amodzi okha. Jesinta anaichapa kangapo konse, koma banga limodzi la dothi lofiira la m'phiri muno linakana kuchoka.

Malemu anali atayamba kudwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi mu 2019. Kwacha itachepetsedwanso mphamvu mu Novembala 2023, mankhwala awo anakwera mtengo koopsa, ndipo nthawi zina kuchipatala ankatiuza kuti tikagule tokha. Amene ankagula mwezi ndi mwezi ndi Jesinta, ndi ndalama za mabelo omwe aja. Malemu ankadziwa.

Mu Januwale chaka chino anaitanitsa Jesinta, a Jabir ndi ine. Mawu amene anayankhula ndiwanena monga ndinawamvera. Anati, "Mwana wanga, ndinakwiyira munthu wosalakwa. Iwe sunasaine kanthu. Ine anandizimitsira makina, iwe anakutsekera kalasi, ndiye ndinkafuna kuti udye chiyani? Gulitsa, ana adye. Koma ine ndinalumbira. Tsiku langa likadzafika usadzandiveke za m'belo, ngakhale abale akulalatire." Kenako anapereka nsalu yotsala ija kwa a Jabir kuti awayeze. A Jabir anafuna kudula mozemba banga lija kuti ligwere kumsana, kumene munthu wogona m'bokosi saoneka. Malemu anakana. Anati likhale pachifuwa, chifukwa ena anasaina papepala kuti iwo avule, koma mwana wawo anasaina pansalu kuti avale.

Matenda anakula mwezi wathawu. Anagonekedwa m'chipatala pa 27 Julayi, analandira sakramenti la odwala, ndipo anatisiya m'mawa wa Lamulungu, pa 3 Ogasiti, 2025, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu.

Abale athu ochokera kumudzi, munabwera ndi suti yakuda ya kaunjika imene munagula ku Nchalo, poopa kuti m'bale wanu angapite mwamanyazi. Chikondi chanu tachiona ndipo tikuthokoza. Jesinta atakana kuti malemu avekedwe sutiyo, panatuluka mawu olemera. Ena munati ndi woumira, ena munati akubwezera za jekete ija. Iye sanayankhe, chifukwa mwana sakangana ndi akuluakulu pamaliro a bambo ake. Ndamuyankhira ine. Suti ibwerera kumudzi, ikavalidwe ndi amoyo.

Mabungwe obwereketsa aja salidziwa dzina la Laurenti Alfazema. Ngongole zawo zikadalipo, ndipo zidzukulu zakhala pamphasa apozi zidzazipeza. Anatha kulamula za kwacha, za fakitale ndi za kalasi ya Jesinta. Koma pali bambo mmodzi ku Bangwe amene sanathe kumuuza choti avale.

Malemu asiya mkazi, mayi Bernadeta. Asiya ana anayi amoyo: Yohane, Hawkins, Rejoice ndi Jesinta, poti mwana wawo wachiwiri anatsogola ali wamng'ono. Asiyanso zidzukulu khumi ndi chimodzi ndi alongo awo awiri.

Banja likuthokoza bambo mfumu ndi akhristu a limana lathu chifukwa cha mapemphero, mfumu ya dera lino potipatsa malo kumanda, adzukulu amene agwira ntchito yolemetsa chikhalirecho dothi n'louma, ndi amayi amene akhala pamoto kuyambira Lamulungu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira ndi zochepa zimene anali nazo. Tikuthokoza anzawo asanu a kufakitale amene abwera, ena ndi ndodo, kudzaperekeza kapitawo wawo. Tikuthokoza amalonda a mumsika wa Limbe amene atseka mabenchi awo lero. A Jabir, munasoka malayawa osalandira kalikonse, ndipo dzulo munabwera ndi simbi yanu kudzawasita nokha. Mulungu akubwezereni.

Posachedwa bokosi litsegulidwa kuti tione nkhope. Mukamadutsa, musathawitse maso pa banga lija. Mukatero mudutsenso pamene wakhala Jesinta, mumugwire dzanja.

Bambo athu a Laurenti, thonje la malayawa ndi la kwanu, munawomba ndinu, wasoka ndi bwenzi lanu, wachapa ndi mwana wanu. Pitani, mwavala zanu. Mzimu wanu uwuse mumtendere.