Nkhuku ya Mayi Solveig Ikana Kulowa mu Envulopu

Kuno ku Tukuyu, tsiku lotumiza makalata kwa azungu amene amalipirira ana athu sukulu, galimoto ya bungwe imanyamuka 12 koloko, kalata yako ilipo kapena palibe. Kutatsala theka la ola, a Mwakalinga, bambo ake a Tumpale, analowa mu ofesi atakwapatira thadzi lakuda, n'kupeza Gwamaka, kalaliki amene sayetsemula asanaone ngati buku la malamulo likulola.

"Mwafika bwino, bambo," anatero Gwamaka. "Tumpale walemba kale kalata yake yopita kwa Mayi Solveig. Kwangotsala kuti musaine."

"Ndisaina. Koma ayambe wakwera uyu." Anakhazika thadzi patebulo.

"Akupita kuti?"

"Ku Norway."

Gwamaka anayang'ana thadzi, thadzi nalo linamuyang'ana ndi diso limodzi. Ananyambita chala, n'kutsegula buku.

"Lamulo lachisanu ndi chiwiri. Mphatso ikhale yophwatalala, yolowa mu envulopu iyi, yosanenepa kuposa chala chakaniinse."

"Ndiye wayesa kale?"

Gwamaka anatenga rula, anayeza kuyambira kumlomo mpaka kuchipsepse. "Yapitirira ndi masentimita makumi awiri ndi anayi."

"Yangodya kumene. Udikire pang'ono uyezenso."

"Bambo, nthawi ikutha. Kalatayi ikapanda kupita lero, ikwana miyezi itatu tisanayankhe. Lamulo lachitatu likuti wosayankha kalata miyezi itatu timamufufuta m'kaundula. Sekondale Tumpale azingoionera pamsewu."

A Mwakalinga anakoka mpando, anakhala, anapinda miyendo ngati munthu amene alibe kopita.

"Iwe mwana wa Mwaipopo, amayi ako akalandira nthochi m'dengu la eni ake, amabweza dengu lopanda kanthu?"

"Ayi. Amaikamo nyemba."

"Nanga mayiyu, zaka zinayi akutitumizira envulopu yodzadza, ife timabweza chiyani? Dzuwa lojambula ndi pensulo. Chaka chilichonse dzuwa. Kwawoko kulibe dzuwa?"

Gwamaka anafunyulula kalata ya Mayi Solveig. "Alemba kuti miyezi iwiri pachaka kulibe."

A Mwakalinga anagwira pakamwa. "Ndi dzuwa lomwe alibe? Ndiye zafika poipa kuposa mmene ndimaganizira. Taona chithunzi anatumizachi. Bwalo lonseli, ukuonapo nkhuku?"

"Ayi."

"Nthochi?"

"Palibe."

"Buluku lang'ambika mawondo onse awiri. Juzi imodzi yokha ili pakhomopo, wavala ndi galu."

"Galuyo dzina lake ndi Bamse. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

"Sindinafunse za galu. Mwana wawo ali kuti?"

"Alemba kuti amabwera pa Khirisimasi."

"Kamodzi pachaka, eti? Ndiye akabwera amuphera chiyani? Bamse?"

Gwamaka anawerenga kalata mpaka pansi, anaitembenuza. "Sanalembe."

"Munthu amachita manyazi kulemba zinthu zotero. Paja ndinu ophunzira, simumva pokhapokha munthu alire. Tsegula envulopu."

"Siilowa, bambo."

"Chabwino, mazira. Ndili nawo atatu m'thumba muno. Akawakhalire yekha kumeneko."

Gwamaka anatenga dzira limodzi, analiyeza ndi rula. "Lanenepa."

"Tikazinge. Pita kwa Mama Tusajigwe, wogulitsa zokazinga panjapo, akupangire lopyapyala ngati chapati."

Gwamaka anaganiza kanthawi, moona mtima ndithu. "Likhoza kulowa. Koma lamulo lachisanu ndi chitatu likuletsa chakudya."

"Nthenga?"

"Lachisanu ndi chinayi. Chiwalo cha nyama."

"Nthenga ndi chiwalo?"

"Inachokera pa nyama."

"Buku limenelo analemba ndani, munthu amene sanachezeredwepo ndi mlendo?"

"Palibe dzina, bambo."

Panja dalaivala analiza hutala. Thadzi linadzidzimuka, n'kusiya chizindikiro pa tsamba la lamulo lachisanu ndi chinayi. Gwamaka anapukuta ndi mpango wake.

"Mphindi khumi," anatero. "Bambo, saini yokha. Ndi sukulu ya mwana wanu."

"Mwana wanga sadzaphunzira ndi ndalama za munthu amene ine ndamumana. Dengu lopanda kanthu silichoka pakhomo panga. Kodi n'chiyani chimene chimaloledwa m'kaenvulopu kakoka?"

"Kalata, chojambula cha mwana, ndi chithunzi."

"Chithunzi cha ndani?"

Gwamaka anayendetsa chala pa mzere. "Angoti chithunzi."

A Mwakalinga anaimirira pang'onopang'ono. "Tenga kamera. Kuyambira lero nkhuku iyi ndi ya Mayi Solveig. Ine ndingowawetera, monga ndimawetera mbuzi za alamu anga a ku Kyela. Mazira ndi awo, anapiye ndi awo, woyamba yekha ndi wa woweta. Chaka ndi chaka tiziwatumizira chithunzi aone ngati ikunenepa."

"Chithunzi sichichoka muno chopanda nambala ndi fomu."

"Ipatse nambala."

Gwamaka analemba 418 pakapepala, anakatsamiritsa pa miyendo ya thadzi. "Iyang'ane kutsogolo. Bambo, chotsani dzanja, makolo saloledwa kuoneka pachithunzi." Kamera inaphethira, kamakina ka pakona kanalavula chithunzi. Anatenga fomu. "Dzina?"

"Tupokigwe."

"Chakudya chimene amakonda?"

"Chiswe."

"Phunziro limene amakonda?"

"Kufukula."

"Akakula akufuna kudzakhala ndani?"

"Ndiwo." A Mwakalinga anaphimba mutu wa thadzi ndi chipewa. "Ayi, fufuta, wamva. Lemba kuti mayi wa ana ambiri."

Gwamaka anafufuta bwinobwino, analemba. Hutala inaliranso, yaitali. A Mwakalinga anatenga cholembera, anasaina kalata ya Tumpale, kenako anagwira mwendo wa thadzi, anauponda pa inki ya chidindo n'kudinda pa fomu. Gwamaka anaona kuti zala zonse zatuluka, anagwedeza mutu movomereza, n'kuyamba kunyambita envulopu.

"Usamate. Pansipo uwonjezere kuti Tupokigwe akudikira yankho. Amuuze za thanzi lawo, ngati buluku lija asoka, ndiponso ngati mwana uja wayamba kubwera kawiri. Atumizenso chithunzi, ataima chilili, galu asaoneke."

Gwamaka analemba zonse, anaima, cholembera chili m'mwamba. "Nanga akachedwa kuyankha?"

A Mwakalinga anakwapatira thadzi lawo, anavala chipewa.

"Lamulo lachitatu, mwana wanga. Ikakwana miyezi itatu tiwafufuta m'kaundula, ndipo iwe udzabwere ndi mpunga."