Kufunafuna Bambo Leonard Nachuma

Omvera athu a ku Govan, Gorbals ndi konse muno mu Glasgow, tcherani khutu. Tiwerenga zilengezo monga zafikira sabata ino.

Mayi Misozi Gwanda, namwino wa ku Govan, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti akufufuza za agogo awo, Bambo Leonard Nachuma a kwa Mabuka ku Mulanje. Bamboyu anapita ku Mangalande mu 1958 ali khukhi wa mzungu wa kuminda ya tiyi, osabwereranso. Anasiya khanda, Matilda, amene lero ndi amayi awo a Misozi, ndipo agonekedwa m'chipatala muno. Odwalawo akungofunsa kuti, "Bambo anga anagona kuti?" Chodziwika n'choti ankakhala m'parishi yaing'ono yakumudzi yotchedwa Harnley. Wodziwa kanthu aimbe kuno msanga. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Misozi Gwanda.

Bambo Clifton Gwanda akudziwitsa a mpingo kuti akazi awo, a Misozi, anakwera sitima Lolemba kupita ku Harnley, ndipo foni yawo sikupezeka. Mayi Matilda afooka, asiya kudya. Bamboyu akuti, "Amake Yewo, kaya mwapeza kaya simunapeze, bwerani." Chilengezochi chachokera kwa Bambo Gwanda ndi ana.

Mayi Misozi akudziwitsa amuna awo kuti ali bwino, netiweki ndiye yovuta kumeneko. M'mabuku a tchalitchi dzina la Nachuma mulibe. Ayenda manda ndi manda, mvula ili pamsana, osalipeza. Lachinayi anaimirira pamsonkhano wa amayi a parishiyo n'kufotokoza nkhani yonse. Mayi wina waimvi anagwetsa kapu ya tiyi, nati, "Kuno ankatchedwa Len Nash. Anamwalira mu 1991. Amenewo ndi bambo anga." Manda aonedwa, ali kuseri kwa tchalitchi. Chonde odwala auzidwe lero lomwe. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Misozi, ku Harnley.

Mayi Emma Nash, mayi waimvi uja wa ku Harnley, akudziwitsa banja la Nachuma kuti akufika mu Glasgow Loweruka masana pamodzi ndi a Misozi, ndipo kuchoka pasiteshoni alunjika kuchipatala. Akuti bambo awo sanawauzepo kuti ku Malawi kuli mwana wina, ndipo chifukwa chake sakuchidziwa. Chichewa satha. Apempha a Misozi kuti awamasulire mawu awa, ndipo anamwino ayandikitse wailesi kukhutu kwa odwala: "Achemwali, ndine mng'ono wanu. Ndili m'njira. Mundidikire."

Chilengezochi chachokera kwa Emma, mwana wa Leonard Nachuma.