Mayina a Pakhoma la Chipinda Chosungira Mipira

Mayi wina ankadikira basi atafumbata wezulo wakale m'manja. Ataona ophunzira a pakoleji akudutsa ndi majezi atsopano, mtima unamuwawa, ndipo anatembenukira bambo wa ovolosi yothimbirira ndi penti amene anakhala naye pabenchi.

"Mwawaona awo? Pakoleji yawoyo amuna anga aphunzitsapo masewera zaka makumi atatu. Mpira wamiyendo anali iwo, wamanja iwo, kuthamanga iwo. Atachoka wophunzitsa nkhonya, anawasenzetsanso iwo omwewo."

"Ndiye apuma bwino, mayi?"

"Bwino lake liti? Mwana aliyense akasewera koyamba m'timu, ankamulembetsa dzina ndi dzanja lake pakhoma la chipinda chosungira mipira. Khomalo linadzaza mpaka kudenga. Atangopuma, sabata isanathe n'komwe, akuluakulu akuti ndi uve, papakidwe penti. Dzulo amuna angawo anapita kukaona. Atabwerako, wezulo uyu anangomutaya m'bini."

"Mayi, musandikwiyire. Amene anapaka khomalo ndine. Ndinangotumidwa."

"Inuyo?"

"Ineyo. Dzina la mwana wanga wamkazi linali pomwepo, m'munsi mwa zenera. Ankasewera mpira wamanja, ndipo amuna anuwo ndi amene anamuphunzitsa kuponya. Dzina lakelo ndinalilambalala ndi burashi, likadalipo."

"Lake lokha?"

"Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, mayi."

"Ndiye mukundiuza kuti ndikuthokozeni? Ana enawo analibe abambo awo?"