Chitseko Chopita Kusukulu

M'mawa pasiteji ya basi, mayi wina anaima atagwirira thabwa lalitali lakuda, zala zili bii ndi penti. Bambo amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Pepani mayi, chitsekochi mukwera nacho basi?"

"Chinali chitseko dzulo, bambo. Lero ndi bolodi."

"Bolodi la kuti?"

"La kusukulu ya mwana wanga. Nyumba zatsopano zonsezi mukuziona? Ana achuluka, m'kalasi mulibe poponda. Ahedi atsegula kalasi ina m'chipinda chosungiramo katundu, mphunzitsi wabwera, koma bolodi akuti lifika teremu ya mawa."

"Ndiye osangodikira bwanji?"

"Miyezi itatu mwana wanga azingoyang'ana khoma? Ine ayi. Ndinangozula chitseko cha kukhitchini."

"Aa! Bambo akunyumba anati bwanji?"

"Poyamba anakalipa. Penti yachiwiri apaka okha."

"Nanga kukhitchiniko?"

"Mphaka akulowa ngati kwawo. Azilowa, sadya mapoto."

"Koma kondakitala sakulolani, ndithu."

"Akakana ndisenza pamutu. Belu likamalira, mphunzitsi akhala akulemba deti pachitseko changachi. Basi ija ndi iyo! Gwirani uko, bambo, mafunso enawo mukafunsira m'kati."