Buku Lomaliza Ndinapeka Ndekha

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu. Mwana wanga wamkazi ali wamng'ono, ndinamugulira mabuku akale a Chingerezi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Anali a nkhani imodzi yopitirira, ya ana amene anasochera m'dziko lamatsenga. Ndinkawerenga n'kumamumasulira, ndipo inenso ndinkakomedwa mpaka kupsereza ndiwo.

Tsoka lake, buku lomaliza silinapezeke. Mwana analira, kufuna kudziwa ngati anawo anabwerera kwawo. Ndiye ndinkangotsegula lina la mabuku omwewo ngati ndikuwerenga, chonsecho ndikupeka ndekha. Nkhani yangayo sindinaimalize.

Mwezi watha, mwanayu anabwera nalo buku lenilenilo kuchokera ku laibulale ya ku yunivesite kumene akuphunzira. 

"Amama, ndinadziwa kalekale kuti munkapeka," anatero akuseka. "Mfumu ya m'dziko lamatsenga ingathokoze bwanji m'Chitumbuka kuti 'yewo chomene'?"

Manyazi anandigwira, koma tinaliwerenga limodzi pakhonde. Ndi lokoma zedi. Titamaliza anandiyang'ana.

"Awa afika kwawo. Nanga anu aja, amama?"

Makolo anzanga, mawa madzulo ndikupitiriza kumupekera nkhani yanga ija.