Katswiri Wagona

Dzuwa lisanafike pamutu, mayi a Mlonda anali atatunga madzi, atasesa m'nyumba, atakwecha poto wadzulo, ataphika phala n'kulimbana ndi mwana kuti lilowe m'kamwa osati m'makutu. Zotsala zinali kukolopa, mbale, ndi beseni la matewera lomwe linkadikira kuseri kwa chitseko. Koma ntchito yaikulu inali itatheka: Mlonda anali atagona. Dzinali analipata chifukwa usiku saphethira, amalondera nyumba, ndipo sabata imeneyo mano awiri ankamera nthawi imodzi.

Mayiyo anali atangokhala pansi, kansanza kopukutira kali paphewa, pamene mwamuna wake, wometa tsitsi wa pamphambano, analowa ali wefuwefu, chipeso chili m'thumba la malaya, foni ataitukula ngati ikumuotcha.

"Katswiri ali kuti?"

"Shhh! Katswiri wake uti?"

"Mwana. Mudzutseni."

Mayi a Mlonda anamuyang'ana ngati munthu amene wabwera kudzabwereka diso.

"Bwerezani, koma monong'ona, kuti ndikamakuphani anthu asamve."

"Masheya akugwa, mayi a Mlonda! Onani."

Pafonipo panali mzere wofiira ukutsetsereka ngati madontho a denga lothonya. Mwezi wonse bamboyo ankaphunzira za masheya kwa mphunzitsi wina wa m'foni, wovala tayi, amene ankaphunzitsa atatsamira galimoto.

"Zikugwazo ndi ndalama za ndani?"

"Zathu."

"Zathu ziti? Ife tili ndi ndalama zimodzi."

Bamboyo anayang'ana kudenga. Mayiyo anayang'ana pamwamba pa kabati, pamene pamakhala chitini cha ndalama za makina osokera, zomwe anayamba kuponyamo Mlonda akadali m'mimba. Anachitsitsa. Chinali chopepuka ngati chipewa.

"Sizinapite," anatero bamboyo msanga. "Zangosamuka. Ndagula kachidutswa ka kampani yokumba miyala yamtengo wapatali."

"Kachidutswako kali kuti?"

"M'fonimu."

"Kampaniyo ikukumba kuti?"

"Sinayambe kukumba. N'chifukwa chake ndi yotchipa. Ikadzangopeza mwala umodzi, inu makina muzidzasinthasintha ngati mipango. Ndipo ukaika ndalama imodzi, eni msikawo amakubwereka zina zisanu ndi zinayi. Ikakwera, imakwera kakhumi."

"Nanga ikatsika?"

"Pamenepo aphunzitsi anadutsapo mwachangu."

"Aa-aa! Ndiye aphunzitsiwo sanakupatseni malangizo?"

"Alipo! Lamulo loyamba kwa woyamba kumene: ika ndalama zokhazo zimene zitatayika sungalire."

"Munandifunsa ngati sindingalire?"

"Lamulolo likunena za woikayo. Ine sindisoka."

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti akuwe, anakumbukira amene wagona kuchipinda, n'kumeza mkuwo wonsewo ngati mbatata yotentha.

"Zatsala zingati?"

"Zambiri. Zocheperako pang'ono kusiyana ndi mmene ndimalowa muja."

"Potulukira ndi pati?"

"Batani lofiirali. Koma limenelo ndi la amantha. Ukagulitsa, watayadi. Ukapanda kugulitsa sunataye, ukungoona ngati wataya."

"Ndiye nyumba ikamapsa, ukapanda kutuluka sunapse?"

"Inu zamsika simuzidziwa. Tamverani lamulo lomaliza, lalikulu kuposa onse: njira imene inakupindulitsa, ibwereze osasinthako kanthu. Ine mwezi wonsewu ndapindula kamodzi kokha, Lachiwiri lija ndinaiwala foni pamkeka. Pobwera ndinapeza yagula yokha, mzere wabiriwira mpaka kumwamba, pakona pali mano. Mwana ameneyu ali ndi mphatso. Aphunzitsi amati wamalonda weniweni alibe mantha, alibe dyera."

"Alibe dyera? Bere limene amalikakamira lija ndi lanu?"

"Angodinako kamodzi, agonenso."

"Agonenso! Mwana ameneyu si wailesi. Komanso si iye anadina."

"Mwati?"

"Iye anangoluma pakona. Foni inali yozima. Inayaka pamene ndimaipukuta."

"Mumaipukuta ndi chiyani?"

Mayiyo analoza paphewa. Bamboyo anayang'ana kansanzako, kamene kale kanali mwendo wa buluku lake, ndipo anaika dzanja pachifuwa mwaulemu.

"Ndiye katswiri ndi ameneyu. Pukutani."

"Ndipukute chiyani? Foni ndi yoyera. Ine sindipukuta zoyera, ndili ndi ntchito."

"Tsiku lija inada ndi chiyani?"

"Malovu a mwana ndi phala."

Bamboyo anaponda phazi limodzi kulowera kuchipinda. Mayiyo anaima pakhomo, mikono ili m'chiuno. Bamboyo anabwerera, anayang'ana foni, n'kuyamba kusonkhanitsa malovu m'kamwa.

"Lavulirani muone. A mwana ndimapukuta chifukwa ndinamubereka ndine. Anu akapukute amene anakuberekani."

"Chabwino, phala lokha. Msika sungasiyanitse."

Anakapala phala lotsala m'kambale ka mwana n'kulimata pafoni ndi chala, mosamala, monga amapakira sopo pachibwano cha kasitomala. Mayiyo anatsitsa kansanza, maso ali pabatani lofiira lija.

"Dikirani!" Bamboyo anagwira mkono wake. "Osasinthako kanthu. Ine tsiku lija ndinali pati?"

"Panja."

"Ndikutani?"

"Mumachapa matewera. Ndinali nditadzicheka chala."

Bamboyo anayamba kupinda mikono ya malaya.

"Iii, ayi, bambo a Mlonda, zisiyeni. Tsiku lija munamaliza sopo wa sabata yonse, ndipo amayi a nyumba yoyandikanayi anandifunsa ngati ndinakudyetsani."

"Anene. Akadzationa m'galimoto adzafunsa kumene munakagula mankhwalawo. Beseni lili kuti?"

"Ndalama zikutha inu muli pabeseni!"

"Zikutha chifukwa sindili pabeseni. Ganizani bwino, mayi a Mlonda. Pansi pano panali potani?"

Mayiyo sankadziwa kunama. Ukamufunsa kuti pansi panali potani, amakuuza.

"Ponyowa. Munali mutakolopa."

Bamboyo anagwada ndi chidebe. Anakolopa monong'ona, chakumbuyo, kuchokera pakabati mpaka pakhomo, akufunsa kuti kodi tsiku lija anayambira kumanja kapena kumanzere. Mayiyo anakwera pampando, miyendo ataipinda, akusuzumira mzere wofiira kudzera m'mipata ya phala.

"Watsikanso."

"Ukudziwa kuti sitinamalize. Nanga mbale?"

"Munatsuka."

"Zonse?"

"Kupatula imene munaswa."

Bamboyo anaima chilili, madzi akudontha m'zigongono.

"Inali yotani?"

"Ayi."

"Yamaluwa kapena yoyera?"

"Ndati ayi! Zatsala zinayi!"

"Mukufuna mbale kapena makina?"

"Ndikufuna zonse, zinali zanga zonse! Ndipo mukaswa mbale, mwana adzuka."

"Ndiiswa mwakachetechete."

Anatsuka zonse zinayi, anasankha yamaluwa, anaikulunga m'thaulo, anatuluka nayo panja, n'kuikhalira. Mayiyo anamva kaphokoso kakang'ono, kenaka mawu a munthu wamkulu akulira ndi pakamwa potseka. Bamboyo anabwera akuyenda motangadza, nkhope ili ngwee ndi chikhulupiriro.

"Tayandikira. Kwatsala chala chanu."

Maso ake anapita pampeni umene unali pathebulo. Maso a mayiyo anapitanso pomwepo, koma anafika msanga.

"Yesani," anatero mayiyo mofatsa, mpeni uli m'manja.

"Tingomangapo kansalu. Msika uli kutali, suona bala."

Bamboyo anamumanga chala chabwinobwino ndi kansalu, ananyamula beseni n'kutuluka. Posakhalitsa mutu wake unatulukira pawindo.

"Musapukute mpaka ndifike pathewera lachitatu. Ndinali pamenepo mmene munkandikalipira za sopo."

"Kodi kuntchito mwasiya ndani?"

"Kasitomala. Wakhala bwinobwino, ndamuuza kuti asagwedezeke."

"Mwamaliza kumumeta?"

"Mbali imodzi."

Mayiyo anasuzumira kumsewu. Pampanda panali bambo wina wansalu yoyera m'khosi, mutu wake theka chipululu theka nkhalango, akuyang'ana wometa wake ali chigwadire pabeseni. Anangoyang'ana, kenaka anatembenuka n'kumapita, nsalu ikuuluka kumbuyo.

"Thewera lachitatu!" ananong'ona bamboyo mokuwa. "Ndikalipireni!"

"Mukutha sopo!"

"Osati choncho, tsiku lija munakwiya kwambiri."

"Mukutha sopo, mwaswa mbale yanga, mwaba makina anga, chitsiru cha munthu chokhalira mbale!"

"Eya! Momwemo! Pukutani!"

Mayi a Mlonda anaika foni pabondo. Sukulu anailekera panjira, koma mtundu wofiira ankaudziwa. Phala lochuluka linali pabatani lomwe lija la amantha. Kaya linatsetserekera pamenepo lokha, kaya chala chomangidwa chija chinalisonyeza njira, palibe anaona. Iye anapukuta pamene panali litsiro. Foni inafunsa ngati watsimikiza, ndipo iye anapukutanso, chifukwa chinthu sachipukuta kamodzi.

Bamboyo analowa thovu lili mpaka m'mapewa.

"Yagula chiyani?"

"Sindikudziwa. Ine ndapukuta."

Anawerenga, milomo ikugwedezeka. Anakhala pampando, n'kudzukanso msanga chifukwa cha mbale ija.

"Yagulitsa! Yagulitsa zonse! Mayo ine, tatuluka pakhomo la amantha!"

"Shhh!"

"Mwapukuta chopita kuti? Tsiku lija munapukuta chokweza!"

"Ndimapukuta kumene kwada."

"Mwalakwitsa penapake. Kapena ndi malovu aja tinasiya. Ndinanena ine! Tibwerezenso, tigule. Bweretsani mbale ina."

"Gwirani mbale ina muone ngati mudzakhalenso pansi chaka chino."

Anakanganirana foniyo monong'ona, wina mutu wina mchira, mpaka onse anaona chinthu chimodzi n'kusiya kukokana. Mzere wofiira uja sunkatsetserekanso. Unagwa chagada, ngati munthu woponda pamene pakolopedwa kumene, n'kukagona pansi penipeni. Pamwamba pake panatuluka uthenga. Bamboyo anawerenga kawiri.

"Akuti mwini kampani sakupezeka. Akuti ndi fosholo yomwe sanagule."

"Tikanakhalamo zikanatsala zingati?"

"Zikanatsala... ayi, tikanatsala ndife."

Kuchipinda Mlonda anatembenuka, anausa moyo, n'kupitiriza tulo. Nkhope ya bamboyo inayamba kuwala pang'onopang'ono. Anatenga kansanza kaja ndi manja awiri n'kukayanika pamsana pa mpando, akukawongola makwinya.

"Mwaona? Kanadziwa. Lachiwiri kanati gula, lero kati thawa. Ndipo inu mumati tisaswe mbale."

"Ine ndimati mudine batani lofiira musanakolope."

"Ndikanadina ine, kukanakhala mantha. Apa ndi njira."

Mayiyo anamasula kansalu kuchala kwake n'kukapinda.

Zimene zinawonongeka pa nkhani yonseyi ndi izi. Ndalama za m'chitini zinabwerako zoposa theka pang'ono, moti makina amene anagulidwa ndi opukusa ndi dzanja, akale, osati opalasa ndi phazi amene mayiyo ankawalota. Mbale yamaluwa imodzi. Thaulo linabooka pawiri. Sopo wa sabata yonse. Kasitomala mmodzi, amene anakamalizitsa mutu wake kwina, pamodzi ndi nsalu yoyera imene sanabweze. Bamboyo anameta anthu sabata yonse osakhalako pansi, ndipo ankadya ataimirira. Tulo ta mwana sitinawonongeke.

Panawonongekanso chinthu china chimodzi, chimene mayi a Mlonda anali atachisunga bwino chikwatiwire. Tsiku limene makina anafika, bamboyo anabwera masana, mikono ya malaya atapinda kale.

"Beseni lili kuti?"

"M'fonimo mulibe ndalama, bambo a Mlonda. Zili apa, zikusoka."

"Pali msika woyeserera, wa ndalama zabodza. Aphunzitsi amati woyamba kumene aziyeserera tsiku lililonse mpaka njira ilowe m'magazi. Mbale tizingoigogoda. Tsopano kumbukirani bwino, pali chimene tinasiya pa Lachiwiri lija?"

Mayiyo, amene anali asananamepo kwa mwamuna wake, anayang'ana mulu wa zovala zamakwinya umene unali pabedi. Anapukusa makina kawiri, n'kudula ulusi ndi mano.

"Ndakumbukira," anatero. "Munasitanso."