Ndinadikira malume, mafomu ali m'sutikesi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndimasoka zovala pamsika wa ku Chawama, ndipo lero ndikuvomera pamaso panu kuti ndinatsala pang'ono kutsekera mwana wanga njira ya ku koleji ndi manja anga omwe.

Mwana wanga Tiyamike anakhoza bwino Giredi 12 ndipo mtima wake unali pa unamwino. Mafomu a koleji ya unamwino anadzaza yekha. Koma agogo athu anachokera ku Malawi, ndipo kwathu nkhani yaikulu ya mwana siyenda malume ake asanaikepo mawu. Mlongo wanga, malume a Tiyamike, amayendetsa thiraki, ndipo nthawi imeneyo anali pamzere kumalire a Congo, foni osagwira. Ndinatsekera mapepalawo m'sutikesi. Mwana akandikumbutsa za tsiku lotseka, ndinkamukalipira kuti koleji si minibasi yoti ingatisiye pasiteji. Ndine wouma mutu, ondidziwa sangatsutse.

Malume atabwera anangondiseka. "Imwe ba sisi, ine niziba chani va college? Mwana ngati afuna, mulekeni ayende!"

Lolemba tinathamangira kukoleji kuja, koma pawindo anatiuza kuti anasiya kulandira mafomu Lachisanu. Ndinachonderera mpaka kugwada, osathandiza. Tiyamike sanalire. Anangosiya kundiyankhula, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Miyezi inadutsa iye akungotunga madzi ndi kusesa, anzake atapita kusukulu. Ndinkaopa kuti chaka chikatha ali pakhomo, mtima wa sukulu umuchokera. Ndinkapemphera ndikupalasa makina, mawu anga amodzimodzi: Ambuye, mlandu ndi wanga, musalange mwana.

Tsiku lina mayi wina wa ku Kalikiliki, amene amakolopa pakoleji ina ya unamwino, anabweretsa yunifolomu yong'ambika. Anaona maso anga ofiira n'kufunsa, ine n'kumukhuthulira zonse. "Amai, simuziba?" anatero. "Kwatu batenga futi mu July. Koma bavala mailo 16 hours, na ma results yafunika chidindo."

Ankatanthauza kuti kwawo amatenganso ana mu July, koma atseka mawa lake 4 koloko madzulo, ndipo zotsatira za mayeso zimafunika chidindo chotsimikizira. Ine ndinkaganiza kuti koleji imatenga ana kamodzi pachaka basi. Sindinkadziwa kuti ena amatenganso pakati pa chaka, ena amaphunzira madzulo, ndipo aliyense ali ndi tsiku lake lotseka.

M'mawa mwake tinayamba ndi mzere wa chidindo, umene unatidyera mpaka masana. Kenako minibasi inaima nji pa Kafue Road, magalimoto osasuntha. Ndinayang'ana nthawi pafoni, kutatsala mphindi makumi anayi. Tinatsika n'kuyamba kuthamanga, ine ndi thupi langali, patapata m'manja, anthu akutiseka. Tinafika mlonda atagwira kale geti, ndipo mayi wokolopa uja, amene ankatidikira, anakuwa kuti atilowetse. Fomu ya Tiyamike inali yomaliza kulandiridwa tsiku limenelo.

Dzina lake litatuluka, ndinamugwira dzanja n'kumupepesa, ine mayi wake. Anandikumbatira n'kulira misozi yonse imene anaisunga miyezi ija.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichitira chifundo chosandiyenera. Makolo anzanga, mwambo ndi wabwino, koma funsani masiku otseka, funsaninso ngati pali khomo lina. Amene mwatsekeredwa, musataye mtima, pitirizani kugogoda. M'mawa uno Tiyamike wapita kukalasi atavala yunifolomu yoyera imene ndasoka ndekha. Ameni.